Pikapu Yomwe Idazima pa Chitunda

Anthu a pamaliro atabalalika, a Hilary Ngozo anatsegula boneti ya pikapu yawo.

Galimotoyo inali kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, pomwe lole ya mkulu wina wa mpingo idaisiya itaikoka kuchokera kumsewu. Masiku onse a maliro palibe anaiyandikira. Amayi popita kumjigo ankailambalala, ana ankakalipiridwa akangoti aikhudze. Akazi awo a Ngozo, mayi Janeti, adafera m'menemo, pampando wakutsogolo.

Mayiwo anali ndi mphumu kuyambira utsikana wawo. Tsiku limenelo adabwera kuchokera kudimba dzuwa lili paliwombo, akubanika, ndipo mankhwala awo opopera m'kamwa sadathandize. Achipatala adawauza kale kuti zikafika pamenepo asamachedwe, azithamangira ku Boma komwe kuli makina a mpweya. A Ngozo adawanyamula, kuwaika m'galimoto, ulendo. Pa Kandeu adadutsa bwinobwino. Pa chitunda chachikulu injini idayamba kufooka ngati wina waigwira kumbuyo, kenako idazima. Adadikira pang'ono, kupotokola kiyi, idalira. Idayenda kamtunda kochepa n'kuzimanso. Pamenepo adalimbana nayo mpaka batire idatheratu. Pomwe njinga yamoto ina yodutsa inkatulukira, n'kuti mayi Janeti atasiya kale kupuma.

A Ngozo sadalire pamsewupo. Sadalire kusiwa, sadalire kumanda. Amuna anzawo ankati ameneyu ndiye Mngoni, mtima wake ndi mwala. Amayi ena ankanong'onezana zawo. Iwo eni ankangomva ngati wina wawatseka thonje m'makutu. Munthu akawapatsa dzanja ankalandira, akawapatsa chakudya ankadya, akawauza kuti khalani apa ankakhala.

Ntchito ya injini za dizilo adaiphunzira ku Joni, m'mafamu momwe adathera unyamata wawo akukonza mathirakitala. Pikapuyo adabwera nayo kuchokera komweko, ndipo ndi yomwe inkawadyetsa. Kabichi, tomato, kachewere, zawo ndi za anzawo, ankapita nazo ku Lizulu ndi ku Boma. Manja awo ankaidziwa galimotoyo kuposa mutu, ndipo m'mawa umenewo manjawo anangoyamba okha. Anamasula batire, kuimangirira pa njinga, kupita nayo pa Kandeu kukatchajitsa. Anakhala pa benchi ya pagolosale mpaka dzuwa litapendeka.

M'mawa mwake akubwezeretsa batireyo, kunafika Nomsa, mwana wawo yekhayo, mphunzitsi wa ku Balaka. Iye anatsala kuti alongosole katundu wa mayi ake.

"Bambo, mukutani?"

"Ndikufuna ndione chomwe chidatseka mafuta."

"Dothi pamanda a mayi silinaume."

"Ndikudziwa."

Nomsa anaima pomwepo kudikira kuti anenanso china. A Ngozo anali akumanga waya pa batire. Nomsa anatembenuka n'kulowa m'nyumba.

Posakhalitsa kunabweranso a Eliya, mchimwene wa malemu mayi Janeti, omwe nyumba yawo inali kutsidya kwa msewu. Anaima patali pang'ono, manja kumbuyo.

"Alamu, chinthuchi chigulitseni," anatero. "Ku Boma kuli munthu amagula zoterezi n'kumaphwasula. Anthu akulankhula. Galimoto yoyenda bwinobwino zaka zonsezi, izime tsiku lomwelo?"

"Galimoto siizima popanda chifukwa, alamu."

"Ndi zomwe ndikunenazo."

"Ine ndikunena chifukwa china."

A Eliya anapukusa mutu n'kubwerera.

A Ngozo anayamba ndi zapafupi, monga adaphunzitsidwira. Anagogoda thanki ndi sipanala, inamveka kuti mafuta alimo okwanira. Pansi pa fyuluta yosefa mafuta pali kabawuti kokhetsera madzi. Anakamasula, kutchera botolo, n'kuliyang'ana padzuwa. Pansi pa dizilo panali timadontho ta madzi tochepa ngati mikanda, tosakwana kuzimitsa injini. Fyuluta yatsopano ankaisunga kuseri kwa mpando. Atatsegula chitseko cha mbali ya wokwera anapeza patapata imodzi ya akazi awo ili pansi, ya phazi lamanzere, idakali ndi matope a kudimba. Anaitola, kukaiika pakhonde, n'kubwerera kudzapinda mpando.

Fyuluta yakaleyo anaidula pakati ndi sowo. Inali yakuda, koma osati yotsekeka. Anamanga yatsopano, kumasula kabawuti kotulutsira mpweya, n'kuyamba kupopa kapampu kamanja komwe kali pamwamba pake. Kunatuluka thovu, kenako thovu losakanikirana ndi mafuta, kenako dizilo yekhayekha. Anamanga, kulowa m'galimoto, kupotokola kiyi.

Inalira.

Nomsa anatulukira pakhomo ali ndi bulangeti la mayi ake m'manja. Kulira kumeneko ankakudziwa kuyambira ali mwana; kunkatanthauza kuti makolo abwera kuchokera kumsika. Sanatsike pakhondepo.

A Ngozo sanakhulupirire kulirako. Pachitunda paja inkaliranso chimodzimodzi. Anatenga njerwa, kuitsamiritsa pa chopondera mafuta kuti injini ikoke mwamphamvu ngati ikukwera mtunda, n'kuima pambali kumvetsera. Nthawi inapita ndithu. Kenako mawu a injini anasintha, inayamba kunjenjemera, kutsokomola, n'kuzima.

Anayang'ana kapampu kamanja kaja. Kanali katamira kokha, ngati pali chala chokakanikiza. Anakasiya osakakhudza. Patapita kanthawi kanayamba kutukuka pang'onopang'ono mpaka kubwerera m'malo mwake.

Anakhala pa chitsa kulingalira. Kapampu kumira kokha ndiye kuti pampu yaikulu ya injini ikukoka, koma kumbuyo kulibe chobwera. Komabe sanafune kudumpha china chilichonse. Analumikiza kapaipi koonekera m'kati pakati pa fyuluta ndi pampu, kuti ngati pena pakulowa mpweya aone thovu likudutsa. Analiza. Mafuta ankayenda oyera, opanda thovu, mpaka anangoyamba kuchepa, injini n'kuzima. Anaganizira chitsekero cha thanki, chifukwa kabowo kake kakatsekeka thanki imakanika kupuma. Anachichotsa, kuliza thanki ili yotsegula. Inazimanso.

Dzuwa linafika pamutu. Nomsa anabweretsa mbale ya mbatata yophika n'kuiika pa chitsa. A Ngozo anadya ataimirira, manja akununkha dizilo, ndipo atamaliza sakanatha kunena ngati munali mchere kapena ayi.

Masana anatenga kachigubu, kuthiramo dizilo wosefa ndi nsalu, kuchotsa paipi yochokera ku thanki, n'kuika ina yomwa m'kachigubumo. Analiza, kutsamiritsa njerwa ija. Injini inalira osadodoma mpaka kachigubu kanatsala pang'ono kuuma. Anazimitsa okha.

Ndiye kuti pampu yaikulu inali bwino, manozo ofayira mafuta mu injini anali bwino. Zonse zomwe eni galimoto amaziopa zinalibe vuto. Vuto linali pakati pa fyuluta ndi thanki. Anaika paipi ya ku thanki ija kukamwa n'kuuzira. Mpweya unadutsa mosavuta, m'thanki munamveka kubwata. Paipi sinali yotsekeka. Chomwe chinkatseka chinali chinthu chobwera n'kuchoka, chomamatira injini ikamakoka, chotayirira ikazima.

Panatsala kutsitsa thanki, ndipo imeneyo si ntchito ya munthu mmodzi.

M'mawa mwake anapeza Nomsa akusesa pakhomo.

"Ndikufuna undigwirire thanki."

"Aitaneni amalume."

"Sangabwere."

Nomsa anayang'ana bambo ake nthawi yaitali. Ndevu zinali zitamera, malaya anali omwewo a dzana. Anatsamiritsa tsache kukhoma, kumanga chitenje chakale m'chiuno, n'kuwatsatira.

Anayamba ndi kukhetsa mafuta. Anatchera mabeseni ndi ndowa, n'kuzivundikira ndi masaka kuti nkhuku zisagweremo. Kenako anayala makatoni pansi pa galimoto, onse awiri n'kukwawira momwemo chagada. Munali mdima pang'ono, mukununkha fumbi ndi mafuta. Mabawuti a malamba ogwira thanki anali atachita dzimbiri. A Ngozo anawathira dizilo, kuwagogoda, kudikira.

Ali chigonere choncho, maso ali ku zitsulo, Nomsa anafunsa chomwe sanafunse masiku onse a maliro.

"Ananena chiyani?"

"Ndani?"

"Mayi. Pamsewu paja."

A Ngozo anayesa bawuti ndi sipanala. Inakana.

"Itazima koyamba anati nditsitse galasi. Ndinatsitsa."

"Kenako?"

"Anafunsa ngati ndatseka chitseko cha kunyumba."

"Basi?"

"Itazima kachiwiri ndinatsika kukapopa. Ndinkapopa, kubwera kudzaliza, kupitanso kukapopa. Ulendo wina nditabwera anali chete."

Nomsa anatembenuza mutu. "Ndiye simunalipo?"

"Ndinali kutsogoloko. Boneti inali yotsegula, sindinkawaona."

Anazinena ndi mawu omwe ankauzira makasitomala mtengo wa ulendo. Iwo eni anamva kuti mawuwo atuluka ouma, koma analibe ena. Bawuti inalira n'kumasuka.

"Ika manja apa. Ikamatsika isakugwere pachifuwa."

Thanki inatsika ikugwetsa dothi louma kumaso kwawo. Anaikokera pabwalo, kuipukuta pamwamba, n'kumasula chivundikiro chomwe chimagwira paipi yomwera mafuta. Atachizula anaona kuti kumapeto kwa paipiyo kulibe kasefa. Kadadyeka kalekale, panangotsala mphete yake.

"Walitsa foni yako m'katimu."

Nomsa anawalitsa. Pansi pa thanki panali dizilo wotsalira, matope akuda, ndi tizidutswa ta kasefa kaja. A Ngozo anapinda waya ngati mbedza n'kuyamba kufufuza m'makona. Anafufuza nthawi yaitali osapeza kanthu. Anapendeketsa thanki, mafuta onse n'kuthamangira mbali imodzi, ndipo m'kuwala kwa foni munadutsa kanthu konyezimira. Anakakola, kukatulutsa mosamala, n'kukayala pachikhatho.

Kanali kachidutswa ka jumbo, koyera ngati madzi, kukula kwake ngati tsamba la gwafa. Pakati pake panali chizindikiro chozungulira cha kukamwa kwa chigubu.

"Ndi chiyani chimenecho?"

A Ngozo anakokera beseni pafupi. Anaponya kajumboko m'beseni la dizilo, kuviika paipi yomwera ija, n'kuyamwa mbali inayo ndi pakamwa. Kajumbo kanayandama, kusendera, n'kumata kukamwa kwa paipi kuti phaa. Atasiya kuyamwa kanamasuka n'kuyamba kuyandama ngati sikanachite kanthu. Analavula dizilo pansi n'kupukuta milomo ndi mkono.

Nomsa anakhala pansi pa dothi.

"Kalowa bwanji?"

"Ogulitsa mafuta a m'zigubu amaika jumbo pansi pa chitsekero kuti asatayike. Pothira kanagweramo."

"Anakugulitsani ndani?"

"Mafuta atasowa muja ndinkagula kwa anthu ambiri. Ku Lizulu, pa Kandeu, kwa oyendetsa malole. Onse amatseka choncho. Mwina kanagwera chaka chino, mwina chaka chatha."

"Ndiye palibe woti tikam'funse?"

"Palibe."

Nomsa anayang'anitsitsa beseni lija. Kenako anadzuka, kupita kuseri kwa khitchini, ndipo kumeneko kunamveka kulira, kosiyana ndi kwa pamaliro komwe amayi ankathandizana. Uku kunali kwa munthu mmodzi, kotsika, kodukaduka.

A Ngozo anaima ndi waya m'manja akumvetsera. Anadikira kuti mwina nawonso china chibwera pachifuwa, popeza chomwe ankafuna anali atachipeza. Anadikira ngati munthu wodikira madzi pa mpopi womwe wauma. Sikunabwere kanthu. Anaona nkhuku ikuyandikira ndowa, anaiingitsa. Anathira dizilo pang'ono m'thanki, kuikhutchumula, kutaya matopewo m'dzenje, kubwerezanso mpaka mafuta anatuluka oyera.

Kasefa katsopano analibe. Analowa m'khitchini, kutenga sefa ya tiyi yachitsulo, kudula ukonde wake, kuupinda ngati kathumba, n'kuumanga kukamwa kwa paipi ndi waya wa kopa. Anaukoka ndi zala kuona ngati ungavuke. Unagwira.

A Eliya anatulukiranso dzuwa litapendeka. Ayenera kuti anamva kulira kwa Nomsa. Ulendo uno anafika pafupi, mpaka pomwe panali thanki. A Ngozo anawalozera beseni.

"Kameneka?" anafunsa a Eliya.

"Kameneka."

A Eliya anakatola ndi zala ziwiri, kukatembenuza, kukayang'ana padzuwa.

"Ngati kakhalamo nthawi yonseyi, kanasankhiranji tsiku limenelo?"

"Masiku onse ndimayenda pang'onopang'ono, chifukwa cha katundu. Mafuta amakokeka mofatsa, kamangoyandama kumbali. Tsiku lija ndinkathamanga."

A Eliya anawerama. Anabweza kajumboko m'beseni, kupukuta zala pa thalauza. Anaima pang'ono akuyang'ana kumsewu. Kenako anavula jekete, kulipachika pa nthambi, n'kugwada pa katoni.

"Ndigwire mbali iti, alamu?"

Anaikweza awiri, wina atagwira, wina akumanga malamba. Analumikiza mapaipi, n'kubwezera mafuta aja powasefa ndi nsalu yopinda kawiri. A Ngozo anapopa kapampu kamanja mpaka kanalimba. Popeza mpweya unali utalowa paliponse, anamasula pang'ono manati a mapaipi a pa manozo. Panafunika munthu wopotokola kiyi iwo ali ku injini. A Eliya anati iwo zagalimoto sazidziwa, angathyole kanthu.

Nomsa anali atabwerera, maso ali ofiira, ataima pafupi ndi mtengo. Palibe anamuuza. Anatsegula chitseko cha dalaivala n'kukhala, nkhope italoza kutsogolo, osayang'ana mpando wa pambali pake.

"Potokola, usasiye mpaka ndinene."

Sitata inazungulira. Pa manati panatuluka thovu, kenako dizilo anayamba kuthovoka. A Ngozo anamanga nati yoyamba, yachiwiri, injini inagwira mbali imodzi ikugwedeza galimoto yonse, anamanga zotsalazo, utsi woyera unadzaza pansi pa mtengo, kenako kulira kunakhazikika.

"Siya."

Anatsamiritsanso njerwa ija. Atatuwo anaima akumvetsera. Inapitirira pomwe inkazimira, n'kupitirirabe. Kapampu kamanja kanali m'malo mwake, osamira. Ana a m'nyumba zoyandikana anabwera kudzaima kumpanda. A Ngozo anachotsa njerwa, kutseka boneti, n'kuyamba kutolera masipanala, kuwapukuta imodziimodzi.

"Ndiye yachira?" anafunsa Nomsa.

"Yachira."

"Mugulitsa?"

"Kabichi wa kudimba wayamba kung'ambika. Akapitirira sabata ino ndi wa nkhumba."

M'mawa mwake anapita kudimba atatu. Nomsa ndi amalume ake anakwera kumbuyo. Anadula kabichi, kusadza masamba akunja, kulongedza mpaka pikapu inadzaza, ndipo wong'ambika anamuunjika pambali. Amayi a m'madimba oyandikana anaweramuka kuyang'ana, ena anapereka moni, mmodzi anabwera kudzafunsa ngati pangapezeke malo a matumba ake awiri a tomato. A Ngozo anati alipo.

Nomsa anatsikira pa Boma, pomwe pamaima maminibasi a ku Balaka. Anaima pa windo la bambo ake, chikwama chili paphewa.

"Mukagulitsa kabichiyu mubwere mudzakhale kwathu, ngakhale mwezi umodzi."

"Ndiona."

"Bambo, mukudya koma simukudziwa kuti mukudya. Ndakuonani."

"Ndidzabwera," anatero a Ngozo. "Uyende bwino. Ukafika uimbe."

Kondakitala anali atalanda kale chikwama. Nomsa anawagwira dzanja lomwe linali pa windo, kulifinya, n'kupita.

A Eliya anatsika kumbuyo n'kudzakhala kutsogolo, chifukwa pamsewu waukulu mphepo inali yozizira. Analowera cha ku Lizulu. Injini inkakoka bwino, utsi unalibe. Malole a ku Mozambique ankawapitirira, anyamata a kabaza ankapatuka. A Eliya anayamba kukamba za mtengo wa feteleza, ndipo a Ngozo ankavomera pomwe pankafunika kuvomera.

Posintha giya kuchoka yachiwiri kupita yachitatu anamva kukhukhuza pang'ono. Anabwezera, kusinthanso. Kunamvekanso.

"Mwamva?" anafunsa.

"Chiyani?"

"Giya yachitatu. Mawa ndiyitsegule."